Nthambi zasintha, nanga asayine ndani? Kasamutsidwe ka ulamuliro m'bungwe loyang'anira magetsi ndi mafuta

Tiyerekeze kuti ndi Lolemba m'mawa. Bambo wina wachikulire, amene wamanga malo omwetsera mafuta kwawo, wachezera pa basi usiku wonse kudzatenga chiphaso chake. Matanki anayesedwa, ndalama analipira, lipoti la oyendera malo linatuluka bwino. Kalata yatayipidwa kale, chidindo chili pambali. Chasowa ndi dzanja loti lisayine. M'munsi mwa kalatayo mwalembedwa udindo wa mkulu wa nthambi ya ziphaso, koma nthambiyo inaphatikizidwa ndi ina sabata yatha, moti udindowo kulibenso. Amene ankaukhala alipo ndithu, pa desiki yomweyo, cholembera chili m'thumba la malaya, koma tsopano akutchedwa dzina lina. Mlembi atuluka, apeza mkuluyo pa benchi, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Pepani bambo, mudzabwerenso Lachinayi."

Bungwe likamakonzanso nthambi zake, maso a aliyense amakhala pa chithunzi chija cha mabokosi ndi mizere, chosonyeza kuti pamwamba pali ndani ndipo pansi pake pali ndani. Chithunzicho chimasamutsa anthu, madesiki ndi magalimoto, koma ulamuliro sichiusamutsa. Ulamuliro wopereka chiphaso, wotseka malo ogulitsa mafuta osakaniza, kapena wovomereza mtengo wa magetsi umachokera ku lamulo lomwe Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa. Lamulolo limaupereka kwa bungwe, ndipo pakamwa pa bungwe ndi bodi. Wogwira ntchito aliyense amene amasayina m'dzina la bungwe amachita kubwereka, ndipo chobwerekacho chimakhala ndi kalata yake. Kalatayo ikatchula udindo womwe wathetsedwa, ulamulirowo umatsala m'malere.

Ndikunena kuti ulamuliro dala, chifukwa mawu oti mphamvu m'nkhani ino angatisokoneze: omwewo ndi a magetsi, omwewo ndi a bwana.

Malangizowa ndalembera mlembi wa bodi, loya wa bungwe, mkulu woona za ogwira ntchito, ndi aliyense amene bwana wamuponyera ntchitoyi n'kumuuza kuti ithe pofika Lachisanu. Akugwira ntchito ku bungwe ngati MERA ku Malawi, ERB ku Zambia, ARENE ku Mozambique kapena ZERA ku Zimbabwe. Zitsanzo zingapo nditenga ku FERC, bungwe loyang'anira magetsi ndi gasi la ku United States, chifukwa iwo kagawidwe kawo ka ulamuliro amakasindikiza poyera, aliyense n'kuwerenga.

Yambani ndi lamulo lomwe linabala bungwe lanu

Musanatsegule fayilo iliyonse, tengani lamulolo muliwerenge nokha, osati chidule chimene wina analemba. Ku Malawi ndi Energy Regulation Act ya 2004, pamodzi ndi anzake a chaka chomwecho okhudza magetsi, mafuta ndi gasi, komanso magetsi a kumidzi. Ku Zambia ERB inabadwa ndi lamulo la 1995, koma lomwe likugwira ntchito tsopano ndi la 2019. Izi zokha zikukuuzani kanthu: kalata yakale yogawa ulamuliro ikhoza kumatchula gawo la lamulo lomwe linafafanizidwa kalekale.

Mukufunamo mayankho a mafunso atatu. Kodi bodi ikuloledwa kupereka ulamuliro wake kwa wina, ndipo kwa yani: komiti, mkulu wa bungwe, kapena wogwira ntchito aliyense? Kodi pali zinthu zomwe lamulo likuti bodi izichita yokha? Nanga wolandirayo akuloledwa kupatsiranso mnzake?

Funso lachitatuli ndi limene limagwetsa ambiri. Maloya ali ndi mawu awo a Chilatini, delegatus non potest delegare, koma nkhani yake agogo anu akuidziwa: khasu lobwereka sulibwereketsanso kwa wina mwini wake asanalole. Mkulu wa bungwe akalandira ulamuliro kuchokera ku bodi, sangangolemba memo yoti kuyambira lero azisayina ndi wachiwiri wake, pokhapokha lamulo kapena kalata ya bodi itanena choncho. Ku FERC anafika potanthauzira m'malamulo awo kuti amene angapatsiridwe ndi wachiwiri wa mkuluyo, mkulu wa chigawo, kapena wina wa msinkhu womwewo. Si aliyense wodutsa pakhomo.

Zomwe mwapezazo zilembeni pa tsamba limodzi. Tsamba limeneli muzidzalibwerera nthawi zonse pakabuka mkangano.

Sakani makalata onse akale, ndi zomwe zilibe kalata

Apa m'pamene pagona ntchito, ndipo musachite phuma. Mabungwe ambiri ali ndi chikalata chimodzi chachikulu cha kagawidwe ka ulamuliro, ndipo wina adzakuuzani kuti zonse zili mmenemo. Musamukhulupirire. Chikalatacho chinalembedwa chaka china chake, ndipo kuyambira pamenepo bodi yakhala ikuwonjezera tina ndi tina m'misonkhano yake popanda wokasintha chikalata chachikulucho.

Tsegulani maminitsi a bodi kuyambira tsiku lomwe chikalatacho chinavomerezedwa, muwerenge msonkhano uliwonse. Mukusaka ziganizo ngati chakuti bodi yalola mkulu wakuti kuti azichita zakuti. Nthawi zambiri zimabisala kumapeto, pa nkhani zina ndi zina, pamene aliyense anali atatopa ndipo maganizo ali ku nkhomaliro. Mukatero pitani ku maminitsi a makomiti, ku mamemo a mkulu wa bungwe, ku ndondomeko ya zachuma, ku ndondomeko yogulira katundu, ku makalata a ku banki otchula osayina macheke, ndi ku makalata osankha oyendera malo. Musaiwale ziphaso zenizenizo. Muli ziphaso zina zomwe zimauza kampani kuti izitumiza lipoti kwa mkulu wa nthambi yakuti, kapena kuti isasinthe kanthu popanda chilolezo chake. Mapangano ndi mabungwe ena, monga loona za miyezo ya katundu, lotolera misonkho kapena loteteza chilengedwe, nawonso amatchula maudindo.

Mukamaliza mapepala, nyamukani pa mpando. Pitani ku nthambi iliyonse mukakhale ndi mlembi kapena kalaliki amene wakhalitsa, osati bwana wake, mumufunse kuti, "Mayi, kalata zotuluka muno m'mwezi wathawu anasayina ndani?" Pemphani kuti akuonetseni makope makumi awiri omalizira. Mudzadabwa. Mudzapeza munthu amene wakhala akusayina zilolezo za amisiri oika mawaya a magetsi m'nyumba kwa zaka zisanu, aliyense akudziwa kuti ndi ntchito yake, koma kalata yomupatsa ulamulirowo palibe amene anaionapo. Anangolowa m'malo mwa wina amene anapuma, n'kupitiriza zomwe anapeza. Musamukalipire, si iye anayambitsa. Lembani kuti pano pali chizolowezi chopanda kalata, chifukwa chimenechi ndi chimodzi mwa zinthu zomwe bodi iyenera kukonza.

Zonse mwatolazo zilowe m'kaundula mmodzi. Mzere uliwonse ukhale ndi ntchito imodzi yokha, gawo la lamulo lomwe ikuchokera, udindo womwe unapatsidwa, tsiku ndi nambala ya chigamulo cha bodi, ndi malire ake ngati alipo. Pewani mizere yonga yakuti zonse zokhudza ziphaso. Kupereka chiphaso chatsopano, kuchiwonjezera nthawi, kuchisintha, kuchisamutsira kwa mwini wina, kuchiimitsa ndi kuchilanda ndi ntchito zisanu ndi imodzi zosiyana, ndipo kulemera kwake n'kosiyana.

Ntchito iliyonse ipeze khomo lake latsopano

Tsopano ikani kaundula wanu pambali pa chithunzi chatsopano cha nthambi, muyende mzere ndi mzere.

Pamene udindo wangosintha dzina, ntchito ili yomweyo, n'posavuta. Komabe lembani, musati poti munthu ndi yemweyo ndiye kuti zili bwino. Loya wa kampani yomwe mwailanda chiphaso sadzafunsa kuti munthuyo ndi yemweyo kapena ayi. Adzafunsa kuti udindo wolembedwa pansi pa siginecha unapatsidwa liti ulamuliro umenewo.

Pamene nthambi ziwiri zaphatikizidwa, funsani ngati n'koyenera kuti zonse zomwe anthu awiri ankanyamula zigwere pa mutu umodzi. Nkhani imeneyi ndiibwereranso pansipa.

Povuta kwenikweni ndi pamene nthambi imodzi yagawidwa pawiri. Tinene kuti panali nthambi ya zaumisiri, tsopano pali ya magetsi ndi ya mafuta ndi gasi. Zambiri zigawika zokha. Koma nanga fakitale ya shuga yomwe imapanga magetsi kuchokera ku zotsalira za nzimbe, kwinaku ikusunga dizilo wambiri m'matanki ake? Nanga kampani yopanga magetsi ndi majenereta a dizilo? Mukapanda kulemba kuti fayilo yotere mwini wake ndi ndani, akulu awiriwo adzaikanirana, kapena adzailimbirana, malinga ndi kukoma kwake. Tchulani mmodzi kuti ndiye wosayina, winayo azifunsidwa maganizo polemba.

Pamene udindo wathetsedwa, ntchito zake zonse zipeze kolowera, ngakhale zooneka zazing'ono. Zazing'onozo ndi zimene zimatayika: kuwonjezera kampani masiku oti ibweretse lipoti, kuvomereza kuti wopempha wabweza pempho lake, kutsimikizira kuti kope ya chikalata ndi yoona. Palibe amene amazikumbukira mpaka tsiku lomwe zafunika.

Ndiye pali ntchito zatsopano zomwe sizinakhalepo ndi mwini. Kawirikawiri bungwe limasintha nthambi chifukwa ntchito yomwe likuyang'anira yasintha. Ku Malawi, lamulo la magetsi litasinthidwa mu 2016, ESCOM inagawidwa, ndipo EGENCO inayamba kupanga magetsi payokha mu January 2017. Kuyambira pamenepo panabuka nkhani zomwe kale kunalibe, monga mapangano ogulitsana magetsi pakati pa makampani awiriwa, ndi a makampani ena opanga magetsi a dzuwa. Ku United States zinayenda chimodzimodzi. Magetsi atazima pa 14 August 2003 n'kusiya anthu pafupifupi 50 miliyoni mumdima kumeneko ndi ku Canada, lamulo la 2005 linapatsa FERC ntchito yoonetsetsa kuti mawaya akuluakulu ndi odalirika. Mu 2007 FERC inakhazikitsa ofesi yapadera ya ntchitoyi, Office of Electric Reliability, ndipo mkulu wake anamulembera gawo lakelake m'malamulo ogawa ulamuliro. Bokosi latsopano pa chithunzi linabwera ndi kalata yake.

Ntchito yomwe mwasowa koiika isasiyidwe choncho. Ibwerere ku bodi, ndipo mulembe kuti yabwerera.

Onani ngati simunaike wosaka ndi woweruza pa mpando umodzi

Kuphatikiza nthambi kumapulumutsa ndalama, koma kumabala vuto lomwe silioneka pa chithunzi. Munthu amene amatuma oyendera malo, amene amalandira lipoti lawo, amene amagamula chilango, ndi amene amamva dandaulo la wolangidwayo akhoza kupezeka kuti ndi mmodzi. Gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limapatsa munthu aliyense ufulu woti zochita za maofesi a boma zomukhudza zikhale zotsata lamulo ndi zachilungamo, komanso kuti apatsidwe zifukwa zake polemba. Chigamulo chomwe wofufuza ndi woweruza ali munthu mmodzi sichichedwa kugwa ku Khoti Lalikulu.

Choncho pa mzere uliwonse wokhudza chilango, dzifunseni kuti wofufuza ndani, wogamula ndani, womva apilo ndani. Akhale anthu osiyana, ndipo womva apilo asakhale wapansi pa wogamulayo. Chimodzimodzi pa ndalama: wopempha kuti katundu agulidwe, wovomereza, ndi wolipira.

Ine maganizo anga ndi akuti zinthu zina zisachoke m'manja mwa bodi ngakhale lamulo litalola. Kulanda chiphaso, kuvomereza mitengo ya magetsi, kusintha mtengo wa petulo, dizilo ndi palafini, zimenezi zimakhudza thumba la munthu aliyense ndipo zimafuna mitu ingapo. Mzere wabwino wodulira ndi womwe FERC imagwiritsa ntchito kwambiri: akulu a maofesi amagamula nkhani zomwe palibe wotsutsa, koma wina akangotsutsa, nkhaniyo imakwera kwa makomishonala, omwe ali ngati bodi ya bungwelo. Mzere umenewu ndi wosavuta kuutsata, ndipo umachotsera bodi mulu wa mapepala popanda kuilanda nkhani zolemera.

Lembani chikalata chimodzi chatsopano

Musasoke zigamba pa chikalata chakale. Mukatero wowerenga azidzafunika mapepala asanu kuti adziwe yankho la funso limodzi. Lembani chatsopano chathunthu, chofafaniza zonse zakale.

Ulamuliro upite ku udindo, osati ku dzina la munthu. Anthu amasamutsidwa, amapuma, amamwalira. Onjezani kuti wogwirizira udindowo alinso ndi ulamuliro womwewo, koma akhale wogwirizira amene wapatsidwa kalata yotchula tsiku loyamba ndi lomaliza, osati amene bwana wangomuuza pa foni ali pa bwalo la ndege. Chikalata chenicheni mudzalemba m'Chingerezi, koma mzere wabwino umamveka motere:

Bodi, pogwiritsa ntchito ulamuliro womwe ili nawo m'gawo lakuti la lamulo lakuti, ikupereka kwa amene ali pa udindo wa mkulu wa nthambi ya mafuta ndi gasi, kapena amene akugwirizira udindowo mwa kalata, ulamuliro wowonjezera nthawi ya ziphaso za malo omwetsera mafuta, ngati palibe amene watsutsa pempholo. Ulamulirowu sukhudza kukana, kuimitsa kapena kulanda chiphaso, ndipo sungapatsiridwe kwa wina.

Mwaona kuti mzerewu ukunena zomwe munthuyo angachite ndi zomwe sangachite. Mbali yachiwiriyo ndi imene imamuteteza iye mwini tsiku lomwe munthu wamkulu wamuimbira foni kuti achite zopyola malire.

Kumapeto kwa chikalatacho kukhale ziganizo zinayi zomwe anthu amakonda kuiwala. China chinene kuti makalata onse akale ogawa ulamuliro afafanizidwa kuyambira tsiku lakuti, ndipo atchulidwe ndi manambala awo. China chinene kuti zonse zomwe zinachitidwa moyenera pansi pa makalata akalewo zikadali zamoyo. China chinene kuti paliponse pamene chiphaso, pangano kapena ndondomeko ikutchula udindo wakale, pazimveka udindo watsopano, ndipo muike tebulo la maina akale ndi atsopano. Chomaliza chinene kuti bodi ikhoza kugamula yokha nkhani iliyonse nthawi ina iliyonse, chifukwa kubwereketsa si kupereka.

Ngati udindo wakalewo unatchulidwa m'malamulo ang'onoang'ono omwe anasindikizidwa mu gazeti ya boma, chigamulo cha bodi pachokha sichingawasinthe. Pamenepo pafunika kudzera njira yomwe anadzera pokhazikitsa, ndipo imatenga nthawi, choncho yambani msanga.

Pitani ku bodi ikadali yokwanira

Chithunzi chatsopano cha nthambi ndi chikalata chatsopano cha ulamuliro zipite ku msonkhano umodzi, zivomerezedwe limodzi, ziyambe tsiku limodzi. Vuto la bambo wa pa benchi uja limabwera pamene chithunzi chavomerezedwa mu March, chikalata n'kudikira msonkhano wa June.

Onetsetsani kuti mamembala alipo okwanira monga lamulo likunenera, kuti amene nkhani ikuwakhudza anena poyera, ndi kuti maminitsi alemba chigamulocho mawu ndi mawu. Yang'ananinso kalendala ya nthawi ya mamembala. Kwathu kuno si zachilendo kuti bodi ithe nthawi yake, miyezi n'kumapita ina isanasankhidwe. Bodi ikachoka isanavomereze chikalata chanu, mwatsala ndi nthambi zatsopano, makalata akale, ndipo palibe woti akonze.

Nkhanga zinapangana kusanapse, ndipo FERC inachita zomwezo mu 2017. Bungweli limakhala ndi makomishonala asanu, ndipo kuti ligamule kanthu pamafunika atatu. Pa nthawiyo analipo atatu okha, ndipo mmodzi wa iwo, Norman Bay, atalengeza kuti akuchoka pa 3 February, zinadziwika kuti patsala awiri okha, Cheryl LaFleur ndi Colette Honorable. Vuto linali lakuti malamulo a kumeneko amalola mitengo yomwe kampani ya magetsi yapempha kuyamba kugwira ntchito yokha pakatha masiku 60 ngati FERC sinayankhe, ndipo ya gasi pakatha masiku 30. Tsiku lomaliza lomwelo, akadali atatu, anatulutsa chigamulo chopatsa ogwira ntchito ulamuliro wowonjezera, monga wolandira mitengoyo mongoyembekezera n'kuitumiza kukaunikidwa. Anaikanso malire akuti ulamulirowo udzatha pasanapyole masiku 14 chiwerengero chikadzakwananso. Chinakwana mu August, patatha miyezi isanu ndi umodzi.

Koma njira imeneyi ili ndi polekezera. Bungwe lina la ku United States komweko, loona za ubale wa olemba ndi olembedwa ntchito, linapereka ulamuliro wake kwa mamembala atatu, mmodzi nthawi yake n'kutha, awiri otsalawo n'kupitiriza kugamula milandu pafupifupi 600. Mu 2010 khoti lalikulu la dzikolo linati awiriwo analibe ulamuliro wotero. Choncho loya wanu afufuze ngati, pa lamulo lanu, ulamuliro wobwereka umapitirira pamene woubwereketsa kulibe.

Mafayilo omwe ali pakati pa njira

Tsiku losintha lidzapeza nkhani zina zili pakati. Pempho linalandiridwa ndi nthambi yakale, oyendera anapita, kampani inaitanidwa kudzayankha, chigamulo sichinatuluke. Mkulu aliyense wochoka pa udindo alembe mndandanda wa mafayilo otere, asonyeze pamene iliyonse yafika ndi tsiku lomwe lamulo likufuna kuti iyankhidwe. Wopereka ndi wolandira asayine onse, kope ipite kwa mlembi wa bodi.

Samalani kwambiri ndi nkhani zomwe munthu anamvedwa kale pamaso. Ngati mkulu wakale ndiye anamva mbali zonse, si bwino kuti watsopano agamule atangowerenga manotsi a mnzake. Pali njira ziwiri: chikalata cha bodi chilole wakaleyo kumaliza nkhani zotchulidwa maina pofika tsiku lakuti, kapena watsopanoyo aitanenso anthuwo. Yoyambayo ndi yachangu, koma iyenera kulembedwa tsiku losintha lisanafike.

Tsiku losintha

Sankhani tsiku loyamba la mwezi, lopanda chipwirikiti. Lisagwe sabata yomwe ziphaso zambiri zikutha, kapena pamene mukuunika mitengo ya mafuta.

Zotsalazi ndi zamanja, koma ndi zimene zimachititsa manyazi. Zidindo zakale zitoleredwe, ziwerengedwe, zitsekeredwe. Chidindo cha udindo wothetsedwa chikatsala m'dirowa ya munthu, tsiku lina chidzadinda kanthu. Makalata okonzeratu a mu kompyuta asinthidwe m'munsi mwake. A zamakompyuta achotse zilolezo zakale usiku womwewo n'kuika zatsopano, chifukwa masiku ano kuvomereza kwambiri kumachitika pongodina batani, ndipo kompyuta siwerenga maminitsi a bodi. Munthu amene wasamukira ku nthambi ina akhoza kukhalabe ndi batani lovomerezera malipiro kwa chaka chathunthu, wina aliyense osazindikira.

Ku banki ndi kumene lamulo lija loti tizitchula udindo siligwira, chifukwa banki imafuna dzina, siginecha ndi chiphaso cha munthu. Tumizani makalata masabata angapo tsikulo lisanafike, apo ayi malipiro a mwezi umenewo achedwa ndipo aliyense adzadziwa kuti wachedwetsa ndinu. Oyendera malo nawonso amasankhidwa ndi maina. Onani ngati makadi awo akutchula nthambi yomwe kulibenso, chifukwa mwini malo wochenjera akhoza kuwabweza pa geti.

Mkulu aliyense alandire tsamba lake losonyeza zomwe angasayine ndi zomwe sangasayine, asayinire kuti walandira. Mlembi wake alandirenso kope. Nthawi zambiri mlembi ndi amene amagwira bwana dzanja asanalakwitse.

Uzani akunja

FERC ikasintha kagawidwe ka ulamuliro imasindikiza mu Federal Register, gazeti ya boma la kumeneko. Inu ikani tebulo la maudindo akale ndi atsopano pa webusaiti, lembelani makampani onse a ziphaso, ndipo dziwitsani unduna, oditala ndi mabungwe omwe mumagwira nawo ntchito. Imelo zakale zisatsekedwe msanga. Zizitumiza makalata ku zatsopano kwa miyezi ingapo, kuti kampani isadzalangidwe chifukwa chotumiza lipoti ku adiresi yomwe chiphaso chake chikutchula.

Mukapeza kuti wina wasayina kale molakwika

Zimachitika, ndipo mwina n'chifukwa chake mukuwerenga malangizowa. Choyamba imitsani kusayina kwa mtundu umenewo lero lomwe. Kenako werengani makalata onse omwe anatuluka kuyambira tsiku lomwe udindo unasintha, muwagawe pawiri: omwe anakomera wolandira, monga chiphaso choperekedwa, ndi omwe anamupweteka, monga chindapusa kapena kutsekeredwa malo.

Chiyeso chachikulu chidzakhala cholemba kalata yogawa ulamuliro lero n'kuikapo deti la mwezi watha. Musayerekeze. Kulakwitsa kwa ofesi kumakonzeka, koma kunamiza deti ndi mlandu wa inu mwini, ndipo kompyuta imasunga tsiku lomwe fayilo inalembedwa. Musadalirenso kwambiri chiganizo chimodzi cha bodi choti yavomereza zonse zomwe zinachitika. Pa nkhani zokomera anthu chikhoza kuthandiza, koma pa zilango njira yolimba ndi yoti amene ali ndi ulamuliro weniweni atenge fayilo iliyonse, aiwerenge, amve mwini wake ngati pakufunika kutero, n'kugamula mwatsopano ndi deti la tsiku lomwelo. Yambani ndi zilango, chifukwa ndi zimene zimathamangira ku khoti.

Pakatha miyezi itatu chisinthireni, pemphani oditala wa m'kati atenge makalata makumi asanu otuluka m'nthambi zosiyanasiyana, aone siginecha iliyonse ngati ikugwirizana ndi kaundula. Mizere iwiri kapena itatu idzapezeka kuti munaiphonya, ndipo ina idzaoneka kuti munaiika pamwamba kwambiri, moti mkulu wa bungwe akusayina tizinthu toti akanasayina wapansi pake. Zimenezo zipite ku msonkhano wotsatira wa bodi. Kaundulayo akhale ndi mwini mmodzi, mlembi wa bodi, ndipo chigamulo chilichonse chatsopano chogawa ulamuliro chizilowamo sabata yomweyo, maminitsi asanapite ku shelefu.